Teresa Woyera wa ku Ávila ndi Mzinda Umene Unayamba Wamukana

Pa 15 Okutobala mipingo yambiri ya Anglican, kuphatikizapo Mpingo wa ku England, imakumbukira Teresa Woyera wa ku Ávila. Tisamusokoneze ndi Teresa wa ku Lisieux, mtsikana wa ku France amene anamwalira m'chaka cha 1897 ali ndi zaka 24 zokha, kapena ndi Mayi Teresa a ku Calcutta aja tinkawaona pa zithunzi atafunda nsalu yoyera ya mizere ya buluu. Uyu ndi wakale kuposa awiriwo, ndipo wa ku Lisieux uja anali sisitere wa chipani chimene Teresa wa ku Ávila anayambitsa.

Ávila ndi mzinda waung'ono wa pakati pa dziko la Spain, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Madrid. Pa sitima ndi ulendo wosakwana maola awiri, choncho alendo ambiri amanyamuka m'mawa ku Madrid n'kubwerera madzulo a tsiku lomwelo. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,100, ndipo nyengo yachisanu kumazizira koopsa. Chimene chimakoka alendo ndi linga lamiyala lozungulira mzinda wakale. Linayamba kumangidwa cha m'ma 1090, n'lotalika makilomita awiri ndi theka, lili ndi nsanja zoposa 80 ndi zipata 9, ndipo mu 1985 bungwe la UNESCO linaika mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Mlendo amakwera pamwamba pa linga, kujambula adokowe amene amamanga zisa pa nsanja za matchalitchi, kugula maswiti opangidwa ndi chikasu cha dzira otchedwa yemas de Santa Teresa, basi ulendo wa ku siteshoni. Koma zambiri za moyo wa Teresa zinachitikira kunja kwa lingalo, ndipo nyumba yofunika kwambiri pa mbiri yake ndi yaing'ono, yosavuta kuipitirira. Tiyeni tsono tiyende mumzindawu motsata zaka za moyo wake.

Tiyambire m'kati mwa linga, pafupi ndi chipata china cha kummwera, pamene pali tchalitchi ndi nyumba ya ansembe yotchedwa Convento de Santa Teresa. Inatsegulidwa mu 1636 pa malo pamene panali nyumba ya makolo ake. Teresa anabadwa pa 28 Malichi 1515, kwa bambo Alonso Sánchez de Cepeda ndi mayi Beatriz de Ahumada. Banjali linali lopeza bwino ndi lopembedza, ndipo ana onse pamodzi, kuwerengera a mkazi woyamba amene anamwalira, analipo 12.

Koma banjali linali ndi nkhani imene silinkafuna kuti ituluke. Agogo ake a Teresa a kuchimuna, Juan Sánchez, anali wamalonda a nsalu wa ku Toledo, Myuda amene analowa Chikhristu. Masiku amenewo ku Spain kunali bwalo la milandu la mpingo lotchedwa Inquisition, lomwe linkasaka anthu oganiziridwa kuti apatuka pa chikhulupiriro, makamaka Ayuda obatizidwa. Mu 1485 Juan anakaonekera ku bwaloli n'kuvomera kuti ankasungabe miyambo ya Chiyuda. Chilango chake chinali kuyenda m'matchalitchi a ku Toledo Lachisanu lililonse kwa masabata 7, atavala chovala chachikasu cha manyazi, anthu akumuonerera. Nthawiyo bambo ake a Teresa anali kamnyamata. Patapita zaka zingapo banja linasamukira ku Ávila, ana anakwatira m'mabanja olemekezeka, ndipo pambuyo pake anakasuma ku khoti kuti azionedwa ngati a mtundu wapamwamba wosakhoma msonkho. Mapepala a mlandu umenewu ndiwo anaulula zonsezi atasindikizidwa mu 1946. Teresa sanalembepo za agogo akewa m'mabuku ake. Komabe ife tikuona kuti munthu sangamvetse bwino zimene anachita atakula ngati sadziwa kuti anakulira m'dziko limene anthu ankafunsana za magazi a makolo asanafunsane za khalidwe.

Tikatulukira pa chipata cha kumadzulo, n'kuwoloka mtsinje wa Adaja ndi kukwera kachitunda, tifika pa Cuatro Postes, mtanda wamwala wozunguliridwa ndi mizati inayi. Apa ndiye pamene mzinda wonse ndi linga lake zimaonekera bwino, makamaka dzuwa likamalowa. Teresa ali ndi zaka pafupifupi 7 anapangana ndi mlongo wake Rodrigo zothawa pakhomo kupita ku dziko la Asilamu kuti akawadule mitu chifukwa cha Khristu. Anali atamva mbiri za ofera chikhulupiriro ndipo anaganiza kuti imeneyi ndiyo njira yachidule yopitira kumwamba. Sanapite patali. Mbale wa bambo awo anakumana nawo panjira n'kuwabweza, ndipo anthu a ku Ávila amati panali pamalo amenewa. Amayi amene munalerapo mwana wa mutu wake mungathe kulingalira mmene mayi Beatriz anawalandirira.

Mayi Beatriz anakwatiwa ali ndi zaka zosakwana 16 ndipo anamwalira ali ndi zaka 33, atabereka ana ambiri motsatizana, thupi litatheratu. Teresa anali ndi zaka pafupifupi 13. Anapita kukalira pamaso pa chifanizo cha Maria Woyera, kumupempha kuti akhale mayi wake. Chifanizocho tsopano chili m'tchalitchi chachikulu cha bishopu wa ku Ávila, chimene khoma lake la kum'mawa ndi mbali ya linga lenilenilo, kotero kuti ukayang'ana kunja umangoti ndi nsanja ya asilikali.

Atasiyidwa ndi mayi ake, Teresa anayamba kukonda zovala, mafuta onunkhira ndi mabuku a nthano za chikondi ndi nkhondo, ndipo macheza ake ndi asuweni anawadetsa nkhawa bambo ake. Mu 1531 anamutumiza kukakhala kwa masisitere a Nuestra Señora de Gracia, kunja pang'ono kwa linga, kumene anakhala chaka ndi theka mpaka atadwala. Iye mwini anavomera kuti usisitere sankaufuna, koma banja nalonso ankaliopa. Ife amene timalemekeza banja tisafulumire kumuweruza. Anali ataona ndi maso ake chimene uchembere wotsatizana unachita kwa mayi ake, ndipo mtsikana wa nthawi imeneyo analibe njira yachitatu. Anavomeranso kuti posankha usisitere, mantha a chiweruzo ndiwo anakula kuposa chikondi.

Bambo ake anakana. Choncho m'mamawa wa pa 2 Novembala 1535, ali ndi zaka 20, anazemba pakhomo n'kupita ku nyumba ya masisitere a chipani cha Karimeli yotchedwa La Encarnación. Kuti tikafikeko titulukira kumpoto kwa linga ndi kutsetsereka kwa mphindi 10 kapena 15. Ndi nyumba yaikulu, ndipo Teresa anakhalamo zaka 27 asanatulukemo kukayamba ntchito imene timamudziwa nayo. Atangochita malumbiro ake mu 1537 anadwala kwambiri. Anapita naye kwa mayi wina wodziwa zitsamba ku mudzi wa Becedas, koma mankhwala ake anangowonjezera matenda. Mu Ogasiti 1539 anakomoka masiku anayi. Manda anakumbidwa, ndipo atatsitsimuka anapeza phula la kandulo pa zikope zake, popeza anthu anali atayamba kale kumukonza ngati maliro. Bambo ake okha ndiwo anakana kuti aikidwe. Anakhala wopuwala pafupifupi zaka zitatu, ndipo ngakhale anayambanso kuyenda, moyo wake wonse sanakhalenso wathanzi.

Tiime pang'ono pa nyumba imeneyi, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Masisitere a ku La Encarnación sanali anthu oipa. Vuto linali lakuti analipo ochuluka, nthawi zina oposa 150, ndipo kusiyana kwa olemera ndi osauka kumene kunali mumzinda kunalowa nawo m'nyumba ya Mulungu. Wochokera ku banja lapamwamba ankaitanidwa ndi dzina laulemu lakuti Doña, anali ndi zipinda zakezake, khitchini yake, ena mpaka wantchito kapena m'bale wokhala naye. Wosauka ankagona m'chipinda cha onse ndi kudalira chakudya cha nyumba, chimene nthawi zambiri chinali chosakwanira. Chifukwa cha njalayo masisitere ankaloledwa kupita kwawo kwa miyezi, ndipo amene anali ndi lilime lokoma ankalimbikitsidwa kucheza ndi alendo olemera, kuti mwina angasiye kangachepe. Teresa anali Doña Teresa de Ahumada, wa zipinda ziwiri zabwino, wosangalatsa pocheza, ndipo alendo ankamukonda. Zipinda zochezera alendozo, ndi zitsulo zake zotchinga, mlendo angathe kuziona lero.

Kwa zaka pafupifupi 20 anakhala wa mitima iwiri. Panali nthawi ina, yoposa chaka, imene anasiyiratu pemphero la mumtima poganiza kuti sali woyenera. Atayambiranso, ankalowa m'tchalitchi khutu lili ku wotchi, kudikira kuti ola lithe. Zimenezi analemba yekha, ndipo kwa ife ndi mbali ya moyo wake yolimbikitsa kuposa masomphenya onse aja amajambulidwa pa zithunzi. Kusintha kunabwera mu 1554, ali ndi zaka 39, pamene anaona chifanizo cha Khristu wodzaza ndi mabala chimene chinabwerekedwa pa chikondwerero china, ndipo anagwa pansi akulira. Nthawi yomweyo anawerenganso buku la Augustine Woyera la Confessions, momwe anadzionamo yekha.

Pofotokoza za pemphero, Teresa anagwiritsa ntchito chithunzi chimene aliyense wolima dimba angachimve. Mtima uli ngati dimba, ndipo pali njira zinayi zolithirira. Yoyamba ndi kutunga madzi pachitsime ndi ndowa, ntchito yothyola msana, ndipo masiku ena chitsime chimakhala chouma. Umu ndi momwe aliyense amayambira. Yachiwiri ndi gudumu lotungira madzi, pamene ntchito imachepa koma madzi amachuluka. Yachitatu ndi ngalande yochokera mumtsinje. Yachinayi ndi mvula, imene mlimi sangaiitane kapena kuigwirira ntchito. Langizo lake kwa wa ndowa uja linali lakuti asaleke kuponya ndowa ngakhale ikutuluka yopanda kanthu, popeza dimbalo si lake. Kwa iye pemphero linali kucheza kawirikawiri ndi bwenzi limene tikudziwa kuti limatikonda.

Zimene zinayamba kumuchitikira m'pemphero, mawu omveka mumtima ndi masomphenya, zinamuika pa ngozi. Mkazi wonena kuti Mulungu akulankhula naye ankakayikiridwa, nanji mdzukulu wa Myuda wolangidwa. Amuna ena opembedza a ku Ávila anamuuza kuti zonsezo n'za Satana. Mu 1559 bwalo la Inquisition linaletsa mabuku ambiri a pemphero olembedwa m'chinenero cha anthu wamba, ndipo masisitere, amene sankadziwa Chilatini, anatsala manja ali m'khosi. Amene anamukhazika mtima pansi anali Francisco de Borja ndi Pedro de Alcántara, ansembe awiri amene pambuyo pake nawonso anatchedwa oyera. Buku la mbiri ya moyo wake analilemba molamulidwa ndi ansembe omulapitsa, kuti aone ngati sanasokere.

Tsopano tibwerere kumtunda ndi kupita kum'mawa kwa linga, m'timisewu ta nyumba wamba. Kumeneko kuli San José. Maganizo oyambitsa nyumbayi anabadwa pa macheza a madzulo m'chipinda cha Teresa, pamene iye ndi anzake ankakambirana za kukhala ochepa, osauka ndi ofanana monga ankakhalira oyambitsa chipani chawo pa phiri la Karimeli. Ntchito inayenda mobisa. Mayi wamasiye Guiomar de Ulloa anathandiza kupempha chilolezo ku Roma. Mng'ono wake wa Teresa, Juana, ndi mwamuna wake anagula kanyumba ngati kuti akufuna kukhalamo okha. Ndalama zitatha, mosayembekezera kunafika zina zochokera kwa mlongo wake Lorenzo amene anali ku Quito, ku America. Pa 24 Ogasiti 1562 kabelu kakang'ono kanalira, Misa inachitika, ndipo atsikana anayi osauka anavala zovala za usisitere. Teresa anali ndi zaka 47.

Mzinda unagwedezeka ngati kwalowa adani. Tsiku lomwelo Teresa anaitanidwa kubwerera ku La Encarnación kukayankha mlandu. Akuluakulu a mzinda anakhala pansi n'kugamula kuti nyumbayo itsekedwe, ndipo nkhani inafika mpaka ku bwalo la mfumu. Pa msonkhano waukulu, wansembe wina wa chipani cha Dominiko, Domingo Báñez, ndiye anaimirira kuwafunsa chimene akazi ochepa otere analakwa. Chifukwa chimene ankanena poyera chinali cha ndalama. Nyumbayi inalibe minda kapena chuma choidyetsa, ndipo ankati idzalemetsa mzinda umene unali kale ndi nyumba zambiri za azipembedzo. Koma tikuganiza kuti panalinso china. Mabanja olemera ankapereka chuma ku nyumba za masisitere, ndipo pobwezera ankalandira manda aulemu, mapemphero otchula maina awo ndi malo a ana awo aakazi. Nyumba yopanda mwini chuma inalibe womuweramira. Patapita miyezi ingapo mkwiyo unazirala, ndipo Teresa analoledwa kukakhala ku San José.

Malamulo amene anaika anali osavuta kumva. Masisitere asapitirire 13, ngakhale pambuyo pake analola kuti afike 21. Dzina la Doña lithe, ndi maina a mabanja omwe. Iye mwini anakhala Teresa de Jesús, kutanthauza Teresa wa Yesu. Mtsikana woyenera asabwezedwe chifukwa chosowa chuma cholowera. Pa mndandanda wa osesa, mkulu wa nyumba akhale woyamba. Azipota ulusi ndi kusoka kuti apeze chakudya, asadye nyama kupatula odwala, ndipo m'malo mwa nsapato azivala nkhwaira za zingwe, n'chifukwa chake anatchedwa Akarimeli osavala nsapato. Tsiku lililonse panali maola awiri a pemphero lachete, komanso nthawi yocheza ndi kuseka pamodzi, chifukwa Teresa sankafuna masisitere a nkhope zakugwa. M'kanyumba kosungiramo zakale ka pa San José muli tizida toimbira timene ankagwiritsa ntchito pa zikondwerero. Ankaphika pa sabata yake ngati wina aliyense, ndipo ankaphunzitsa kuti amene watumidwa kukhitchini sanachotsedwe pamaso pa Mulungu. Za magazi a makolo sankafunsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti zaka 20 zisanathe chimwalirireni iye, chipani chake chomwecho chinaika lamulo loletsa a mtundu wa Chiyuda kulowa.

Zaka zisanu za ku San José anazitcha zamtendere kuposa zonse. Mu 1567 mkulu wa chipani chonse cha Karimeli, Giovanni Battista Rossi, anafika ku Ávila, anakondwa ndi zimene anaona, n'kumulamula kuti atsegule nyumba zina. Kuyambira pamenepo, mayi wodwaladwala wa zaka 52 anakhala wa pamsewu. Ankayenda pa ngolo zofunditsidwa nsalu zokokedwa ndi nyulu, atanyamula kabelu kuti nthawi za mapemphero zisaphonyeke. Ku Medina del Campo anafika pakati pa usiku, pamene ng'ombe zamphongo za masewera a m'mawa mwake zinkalowetsedwa mumzinda, ndipo anapeza nyumba ya makoma akugwa. Anasesa ndi kupachika nsalu usiku wonse, kutacha Misa inachitika. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi wansembe wachinyamata amene timamudziwa kuti Yohane wa Mtanda, Juan de la Cruz, ndipo mu 1568 nyumba yoyamba ya amuna inatsegulidwa ku Duruelo. Pomwalira, nyumba za masisitere zinali 17.

Ya ku Toledo, ya mu 1569, imatikhudza mwapadera, chifukwa ndi mzinda uja agogo ake anayendetsedwa atavala chovala cha manyazi. Analowa m'nyumba ali ndi matiresi awiri a udzu ndi bulangeti limodzi. Amene ankafuna kuthandiza anali banja la amalonda, ndipo anapempha kuti adzaikidwe m'tchalitchimo. Anthu apamwamba anamulangiza kuti ulemu wotere suyenera amalonda opanda dzina. Teresa anasinkhasinkha kwa kanthawi, kenaka anawapatsa amalondawo.

Mu 1571 analamulidwa kubwerera ku La Encarnación ngati mkulu wa nyumba, masisitere asanamusankhe. Tsiku lofika anamutsekera khomo, kukuwa kuli pakamwa, poopa kuti awakakamiza moyo wa ku San José. Pa msonkhano woyamba anapeza kuti pa mpando wa mkulu wakhazikapo chifanizo cha Maria Woyera, makiyi a nyumba ali m'manja mwake, iye atakhala pansi pambali. Chinthu choyamba chimene analimbana nacho chinali njala. Analembera makalata abale ndi abwenzi kupempha chakudya ndi ndalama, ndipo za mapemphero anazikonza anthu atayamba kudya. Anaitanitsa Juan de la Cruz kudzakhala wolapitsa. Mu 1577 masisitere oposa 50 a nyumba yomweyo anamuvotera mwa kufuna kwawo, ngakhale anaopsezedwa kuti achotsedwa mumpingo, ndipo anachotsedwadi kwa kanthawi.

Nthawi imeneyo zinthu zinali zitaipa. Mayi wina wolemera wa ku nyumba ya mfumu, Ana de Mendoza, amene anavutitsa masisitere a ku Pastrana mpaka anathawa usiku, anakanenera buku la moyo wa Teresa ku Inquisition, ndipo bukulo linasungidwa kumeneko mpaka iye atamwalira. Akarimeli akale anaona kuti atsopanowa akula mopitirira, ndipo mu 1575 analamula kuti Teresa asiye kuyenda, asankhe nyumba imodzi akhale. Kazembe wa Papa, Filippo Sega, ankamuona ngati mkazi woyendayenda ndi wosamvera. Mu Disembala 1577 Juan de la Cruz anagwidwa usiku pafupi ndi La Encarnación n'kutsekeredwa m'kachipinda ka mdima ku Toledo, kumene anathawako mu Ogasiti 1578. Pa usiku wa Khirisimasi wa 1577 Teresa anagwa pa masitepe ku San José n'kuthyoka mkono wamanzere, ndipo kuyambira pamenepo sankathanso kuvala yekha. Chida chimene chinamutsalira chinali cholembera. Analembera Mfumu Felipe II, mabishopu, amalonda ndi abale, kawirikawiri mpaka usiku kwambiri, ndipo makalata ake oposa 400 alipobe. Muli nkhani za ngongole, za mankhwala, za nsomba zimene wina anatumiza, pamodzi ndi za Mulungu. Mu 1580 Papa Gregory XIII analola kuti osavala nsapato akhale ndi utsogoleri wawowawo.

M'kati mwa mavuto omwewo, kuyambira Juni mpaka Novembala 1577, analemba buku lake lalikulu, limene limafanizira mzimu wa munthu ndi nyumba yachifumu ya linga yokhala ndi malo 7 okhalamo, Mulungu ali pakati penipeni, pemphero ndiye chipata. Alendo oima pa Cuatro Postes amakonda kunena kuti chithunzichi anachitenga pa mzinda wa kwawo, ndipo n'zosavuta kuona chifukwa chake. Chodabwitsa n'chakuti wofika m'chipinda cha m'kati mwenimweni sakhala wa masomphenya ochuluka. Amakhala wodekha ndi wogwira ntchito, Marita ndi Mariya atagwirizana.

Manda ake ku Ávila sitiwapeza. Mu 1582, atamaliza kutsegula nyumba ya ku Burgos, kumene bishopu wamkulu anamudikiritsa chilolezo miyezi itatu, anali pa ulendo wobwerera kwawo ku San José. Ku Valladolid mkulu wa nyumba, amene anali m'bale wake, anamutsutsa pa mkangano wa chuma chamasiye cha malemu Lorenzo, ndipo anasiyana mosakoma. Ali ku Medina analamulidwa kupatukira ku Alba de Tormes, pafupi ndi Salamanca, chifukwa mkazi wa mfumu ya deralo ankafuna kuti mayi woyerayo akhalepo pamene mpongozi wake akuchira. Teresa anali akutaya magazi. Panjira, Ana de San Bartolomé, sisitere wochokera ku banja la alimi amene ankamusamalira ndi kumulembera makalata, anayesa kugula mazira awiri koma sanawapeze, ndipo wodwalayo anangodya nkhuyu zouma. Asanafike n'komwe anamva kuti mwana wabadwa kale. Anafika pa 20 Seputembala n'kugona, ndipo usiku wa pa 4 Okutobala anamwalira mutu uli m'manja mwa Ana, ali ndi zaka 67. Usiku umenewo ndi umene Spain inasinthira ku kalendala yatsopano ya Papa Gregory XIII ndi kudumpha masiku 10, choncho kutacha linali tsiku la 15 Okutobala.

Zimene zinachitikira thupi lake n'zovuta kwa ife kuzimva. Manda anatsegulidwa patapita miyezi 9, thupi linapezeka losavunda, ndipo anayamba kudulako ziwalo zoti azisunge. Mu 1585 linatengedwa mobisa kupita ku San José, popeza Ávila, imene zaka 23 m'mbuyomo inkafuna kutseka nyumba yake, tsopano inkati Teresa ndi mwana wake. Banja la mfumu ya ku Alba linadandaula kwa Papa, ndipo mu 1586 thupi linabwezedwa ku Alba de Tormes, kumene lili mpaka lero pamodzi ndi mtima ndi mkono wake. Dzanja linakasungidwa ku Ronda, phazi ku Roma.

Mabuku ake anasindikizidwa ku Salamanca mu 1588. Anatchedwa woyera mu 1622, tsiku limodzi ndi Ignatius wa ku Loyola ndi Francis Xavier, ndipo mu 1970 Papa Paulo VI anamutcha Mphunzitsi wa Mpingo, mkazi woyamba kulandira dzinali. Kwa ife a Anglican, a Rowan Williams, amene anali Akibishopu wa Canterbury kuyambira 2002 mpaka 2012 ndipo anadzacheza ku Malawi mu 2011, analemba buku lonse la moyo ndi chiphunzitso chake mu 1991.

Ávila inatsala ndi zochepa. Pafupi ndi tchalitchi cha pamalo pamene anakulira pali kachipinda kosungira chala chake chimodzi, ndodo imene ankayendera ndi chidutswa cha pansi pa nkhwaira yake. Ku San José mlendo amaloledwa kuona tchalitchi, kachipinda kopemphereramo koyambirira ka mu 1562 ndi kanyumba ka zakale kaja. Kupitirira apo salowa, chifukwa masisitere akadali m'katimo, kuseri kwa zitsulo, ndipo amene wafika nthawi ya Misa ya m'mawa amangomva mawu awo.